Tichotse Mabanga pa Zovala Zathu

Kapulana imodzi ndi thukuta la masiku ambiri m'munda. Yunifolomu ya mwana wa sukulu ndi chimanga chimene tinagulitsa. Banga likakana kuchoka, chovala chabwino chimasanduka sanza nthawi yake isanakwane, ndipo ndalama zathu zimapita pachabe. M'phunziro lino tiphunzira kuchotsa mabanga ndi zinthu zimene tili nazo kale pakhomo: madzi, sopo, mchere, mandimu, ufa ndi dzuwa.

Malamulo atatu

1. Tichape msanga. Banga la lero limachoka mosavuta, la sabata yatha limakana.
2. Tidziwe chimene chadetsa nsalu. Magazi, mafuta ndi dzimbiri, chilichonse chili ndi njira yake.
3. Tisasite chovala banga lisanachoke. Kutentha kwa nsimbi kumalikhazika mu ulusi.

Magazi

Magazi timachapa ndi madzi ozizira okha. Tikumbukire dzira: tikaliika m'madzi otentha limalimba. Magazi amachitanso chimodzimodzi. Madzi otentha amawaphika, ndipo amamatirira ku ulusi. Tiviike chovala m'madzi ozizira, tithiremo supuni 2 za mchere pa lita imodzi ya madzi. Chikhale momwemo ola limodzi. Kenaka tipake sopo pa bangalo, titikite, titsukuluze. Ngati magazi ndi a munthu wina ndipo tili ndi bala m'manja, tivale pulasitiki m'manja pochapa.

Mafuta

Madzi okha sachotsa mafuta, chifukwa mafuta ndi madzi sizisakanikirana. Mafuta a ndiwo akadonthera pa malaya, tiwaze ufa woyera kapena choko chopera pamwamba pake. Tidikire mphindi 30. Ufa umayamwa mafutawo. Tikung'unthe ufawo, tipake sopo wambiri pa banga, kenaka tichape ndi madzi ofunda. Sopo amagwira mafuta n'kuwatulutsira m'madzi. Sopo akachepa, chidulo chimathandiza pa nsalu yolimba ya thonje. Chidulo chimawawula manja, choncho tichisungunule ndi madzi ambiri ndipo titsukuluze bwino.

Matope

Matope tisawapukute akadali aawisi, chifukwa timangowalowetsa m'kati mwa nsalu. Tiyanike chovalacho matope aume. Akauma tiwatikite ndi kukung'untha. Otsalawo tiviike m'madzi ozizira a sopo usiku wonse, tichape m'mawa. Katondo amavuta kuposa dothi lakuda, chifukwa kufiira kwake kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dothimo. Ngati patsala kufiira pa nsalu yoyera, titsate njira ya dzimbiri.

Dzimbiri

Dzimbiri limabwera tikayanika zovala pa waya wakale, pa msomali kapena pa lata. Tifinyire madzi a mandimu pa bangalo, tiwaze mchere, tiyanike padzuwa. Pakauma titsukuluze. Ngati banga likuonekabe, tibwereze kawiri kapena katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuwawasa kwa mandimu n'kumene kumasungunula dzimbiri. Pa nsalu ya mitundu tiyambe tayesa pa mpendero wa m'kati, chifukwa mandimu ndi dzuwa zimatha kusulutsa mtundu.

Tiyi ndi khofi

Tiyi akatayikira pa nsalu, titsukuluze nthawi yomweyo ndi madzi ozizira. Ngati banga lauma pa nsalu yoyera ya thonje, tiikunge pakamwa pa ndowa, tithire madzi owira pa bangalo pang'onopang'ono. Ana akhale kutali. Ngati tiyi anali wamkaka, tiyambe ndi madzi ozizira ndi sopo, chifukwa mkaka umalimba m'madzi otentha ngati magazi.

Inki ndi phula

Inki ya bolopeni imasungunuka ndi sipiriti. Tiike kansalu kakale pansi pa banga, tidonthezere sipiriti, tidinde ndi kansalu kena. Tisatikite, inki ingafalikire. Sipiriti imayaka msanga, choncho tigwire ntchitoyi kutali ndi moto ndi nyali.

Phula la kandulo tilisiye liume, tilipale ndi supuni. Tiike pepala losalembedwa pansi ndi pamwamba pa nsalu, tisite ndi nsimbi yofunda. Pano nsimbi ikutithandiza, chifukwa phula limasungunuka n'kulowa m'pepala. Tisinthe pepala mpaka litasiya kunyowa, kenaka tichape ndi sopo.

Chuku

M'nyengo ya dzinja zovala zimachedwa kuuma. Tikazipinda zikadali zonyowa, zimachita timadontho takuda ndi fungo. Chimenechi ndi chuku. Tikung'unthe panja, tichape ndi sopo, tipake mandimu ndi mchere, tiyanike padzuwa lamphamvu. Chuku chikakhalitsa chimadya ulusi ndipo nsalu imabooka. Tisunge zovala m'bokosi zitauma gwaa.

Utomoni wa nthochi

Utomoni wa nthochi suoneka ukangodontha. Pakapita nthawi umada, ndipo ukada kawirikawiri suchokanso. Podula mkoko wa nthochi tivale zovala zakale zogwirira ntchito.

Chenjezo pa mankhwala oyeretsera

M'masitolo muli mankhwala a klorini oyeretsera nsalu. Ena amawatcha jiki. Mankhwalawa ndi a nsalu yoyera ya thonje yokha. Amasulutsa kapulana ya mitundu, amawononga juzi ya ubweya, ndipo pa dzimbiri amangolidetsa kwambiri. Tisanagwiritse ntchito, tiwerenge malangizo a pa botolo, tiwasungunule ndi madzi monga alembera.

Tisasakanize mankhwalawa ndi mandimu, viniga kapena mkodzo. Akasakanizidwa amatulutsa mpweya wapoizoni umene umawononga maso ndi mapapo. Matewera a mwana tiyambe tawatsukuluza bwino ndi madzi. Mankhwala tisawasunge m'botolo la chakumwa, mwana angamwe. Akamwa mwangozi tisamusanzitse. Tithamange naye kuchipatala pamodzi ndi botololo.

Tiyeni tiwerenge mokweza

Magazi, madzi ozizira.
Mafuta, ufa ndi sopo.
Dzimbiri, mandimu ndi mchere.
Matope, tidikire aume.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani sitichapa magazi ndi madzi otentha?
2. Kodi ufa umagwira ntchito yanji pa banga la mafuta?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene sitisakaniza ndi mankhwala a klorini.
4. Pa lita imodzi timathira supuni 2 za mchere. Tidzathira supuni zingati pa malita 5?

Ntchito

Aliyense abweretse kansalu kakale ka banga pa phunziro likubwerali. Tidzayesa njira zimenezi pamodzi, ndipo aliyense adzalemba m'kope mwake dzina la banga, njira imene wayesa ndi zimene waona.