Chaka cha 1966 m'Mbiri ya Sewero la Doctor Who

Mawu Oyamba

Doctor Who ndi sewero la nkhani zopeka za sayansi limene bungwe la BBC la ku Britain linayamba kuonetsa pa wailesi ya kanema pa 23 Novembala 1963. Mpangankhani wamkulu, yemwe amangotchedwa Doctor, amayenda kupita ku nthawi zakale, zam'tsogolo ndi kumaiko ena akuthambo m'chombo chotchedwa TARDIS. Nkhani ino ikuunika chaka cha 1966 pofuna kuonetsa kuti njira imene olemba anapeza chaka chimenecho pothana ndi matenda a munthu mmodzi ndi imene inapatsa seweroli moyo wautali.

Vuto Limene Linalipo

Kuyambira pachiyambi, amene ankasewera ngati Doctor anali William Hartnell. Pofika 1966 iye anali ndi zaka 58 ndipo ankadwala matenda a kuuma kwa mitsempha ya magazi, moti ankavutika kuloweza mawu ake. Ntchito nayo inali yakalavulagaga chifukwa pa chaka ankajambula zigawo zoposa 40. Mkulu woyendetsa seweroli, Innes Lloyd, ndi mkonzi wa nkhani zake, Gerry Davis, anaona kuti Hartnell sangapitirize. Komabe kwa oonera, Hartnell ndiye anali Doctor. Kumuchotsa popanda chifukwa chomveka m'nkhanimo kukanatha kupha sewero lonse.

Njira Imene Anapeza

Lloyd ndi Davis anatsamira pa mfundo imene inali kale m'seweroli, yakuti Doctor si munthu wa padziko lino. Popeza ndi mlendo, thupi lake likhoza kukhala ndi malamulo akeake. Nkhani ya The Tenth Planet, imene inaonetsedwa kuyambira pa 8 mpaka pa 29 Okutobala, inachitikira ku South Pole m'chaka cha 1986. M'nkhaniyi munaonekera koyamba adani otchedwa Cybermen, ochokera ku dziko la Mondas, amene anasinthanitsa ziwalo zawo ndi zitsulo ndi mapulasitiki mpaka anataya chifundo ndi mantha. Amene anawaganizira ndi Davis pamodzi ndi dokotala wina wofufuza za maso, Kit Pedler. Kumapeto kwa nkhaniyi Doctor, atafooka, akugwa pansi m'chombo chake, nkhope yake ikuwala n'kusanduka ya Patrick Troughton, wa zaka 46.

Tingaone kuti nkhani imodziyi ili ndi kusintha thupi kwa mitundu iwiri. A Cybermen asintha thupi pothawa imfa ndipo ataya umunthu wawo, pamene Doctor wasintha thupi koma mtima wake woteteza ofooka watsala.

Mmene Oonera Anakopedwera

Kusintha nkhope kunali kosavuta poyerekeza ndi kukhutiritsa oonera. Ntchito imeneyi inagwera nkhani yotsatira, The Power of the Daleks, yolembedwa ndi David Whitaker, imene inayamba pa 5 Novembala. Wolembayu sanabise kusiyana kwa anthu awiriwa. Doctor wa Hartnell anali nkhalamba yaimvi, yaukali ndi yaulemu wake. Wa Troughton anali wa tsitsi lakuda, wovala zokhwepa, wanthabwala ndiponso woimba chitoliro.

Luso la Whitaker linali kuika chikayiko cha oonera m'kamwa mwa anzake awiri a Doctor. Polly akukhulupirira kuti munthu watsopanoyu ndi Doctor yemwe uja, koma Ben akukana. Motero woonera aliyense ali ndi womuyankhulira m'nkhanimo. Umboni waukulu ukuchokera kwa mdani: Dalek imodzi ikumuzindikira Doctor ngakhale nkhope yake ndi ina. Ngati mdani wake wakale wamudziwa, woonera atsutsa bwanji?

Zotsatira Zake

M'chaka cha 1966 kusinthaku kunangofotokozedwa ngati kukonzanso thupi. Dzina lakuti regeneration, limene likudziwika lero, linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1974. Chofunika n'chakuti kuyambira 1966 dzina la Doctor linakhala ngati dzina laufumu, limene wina akachoka wina amalowa. Troughton anasewera mpaka 1969 ndipo Jon Pertwee analowa m'malo mwake mu 1970. Seweroli linaima mu 1989, linabwerera mu 2005, ndipo mu 2017 Jodie Whittaker anakhala mayi woyamba kutsogolera seweroli ngati Doctor.

Chomvetsa chisoni n'chakuti BBC inali ndi chizolowezi chofufuta matepi akale. Chigawo chachinayi cha The Tenth Planet chinasowa, kupatula tizidutswa tochepa, kuphatikizapo ka kusandulikako, kamene kanapulumuka chifukwa kanaonetsedwa m'pulogalamu ya ana ya Blue Peter mu 1973. Zigawo zonse zisanu ndi chimodzi za The Power of the Daleks nazonso zinasowa, ndipo mu 2016 anazijambulanso ngati katuni pogwiritsa ntchito mawu amene oonera ena anajambula kunyumba kwawo.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yaonetsa kuti mu 1966 olemba a Doctor Who anasandutsa vuto la kunja kwa sewero kukhala gawo la nkhani yeniyeniyo. Phunziro kwa wophunzira zolemba ndi lakuti mpangankhani samangidwa pa nkhope, koma pa zimene amakhulupirira ndi mmene apangankhani anzake amamuonera.