PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUPANGANA NDI MMISIRI WOKONZA PABWALO

Mwezi uno phunziro lathu likunena za milandu imene imabuka pakati pa mwini nyumba ndi mmisiri amene wamulemba ntchito yokonza pabwalo, monga kumanga mpanda, kukumba ngalande, kuyala miyala m'njira, kubzala kapinga ndi mitengo, kapena kumanga khoma lotchinga madzi. Talemba poganizira makamaka anthu a m'midzi yozungulira Kuti m'boma la Salima, ndi onse okhala m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay. Tikupempha aphunzitsi ndi ena odziwa kuwerenga kuti awerengere anzawo.

Mawu aakulu a phunziroli ndi awa: mlandu wotere suyamba tsiku limene khoma lagwa ayi. Umayamba tsiku lopangana.

1. M'mene mlandu umayambira

Tiyerekeze kuti bambo wina wapuma pantchito ya uphunzitsi ndipo walandira ndalama zake. Afuna mpanda wa njerwa ndi kapinga pabwalo. Pabwera mnyamata wolankhula bwino, nanena kuti ntchito zotere anazigwirapo ku Lilongwe. Apangana pakamwa pansi pa mtengo wa mango, popanda mboni, ndipo bamboyo apereka theka la ndalama tsiku lomwelo. Mpanda utha mu Okutobala, ndi wokongola ndithu. Mvula ya Januwale ikugwa, madzi aima pabwalo osowa kotulukira, alowa pakhonde, ndipo mbali imodzi ya mpanda ipendekera m'munda wa mnansi.

Tsono mwini nyumba akuti mmisiri anaba simenti. Mmisiri akuti anapatsidwa matumba ochepa, ndiponso za ngalande sanapangane. Mnansi akuti mpandawo unalowa m'malire ake. Kodi woweruza adzagwira pati? Palibe pepala, palibe mboni, ndipo ndalama zinapita kale. Madzi akatayika saoleka.

2. Dziwani malo anu

Dera la Kuti ndi lotsika ndiponso lachidikha, ndipo lili ndi madambo. Malo ena kuli dothi la makande, limene limang'ambika m'chilimwe ndi kufufuma m'dzinja. Maziko osaya pa dothi lotere amayenda pamodzi ndi dothilo, ndipo khoma limachita ming'alu. Kufupi ndi nyanja kuli mchenga, umene madzi amaukokolola msanga. Akuluakulu akukumbukiranso chivomezi cha pa 10 Malichi 1989, chimene chinagwetsa nyumba zambiri m'boma la Salima.

Nyanja nayonso sikhala pamodzimodzi. M'chaka cha 1980 madzi anakwera kufika pa mamita 477, kuyeza kuchokera pa nyanja yaikulu yamchere. Zitatero anatsika kwa zaka zambiri, ndipo anthu anaiwala, namanga nyumba ndi mipanda pamene kale panali madzi. M'chaka cha 2024 madzi anakweranso kupitirira mamita 476, nalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Makoma ambiri a m'mphepete mwa nyanja anagwa, ena chifukwa chomangidwa moipa, koma ena chifukwa choti anamangidwa pamalo a madzi. Khoma lotere ngakhale mmisiri wodziwa sangalipulumutse.

Chifukwa chake, musanaitane mmisiri, funsani nkhalamba za pamudzi pamene madzi amafika chaka cha mvula yambiri. Mvula ikamagwa tulukani muone kumene madzi a pabwalo panu amalowera. Safunsa adadya phula.

3. Za zilolezo

Anthu ambiri amayesa kuti chilolezo ndi nkhani ya mmisiri. Sichoncho ayi. Akuluakulu a boma akabwera kudzaletsa ntchito kapena kulamula kuti khoma ligumulidwe, amalankhula ndi mwini malo, ndipo wotaya ndalama ndi iyeyo. Kubzala kapinga, maluwa ndi mitengo ya zipatso pabwalo panu sikulira chilolezo. Koma pa ntchito zinayi izi yambani mwafunsa.

Yoyamba ndi mpanda wa m'malire. Itanani amfumu ndi anansi anu kuti aone pamene chingwe chikudutsa maziko asanakumbidwe. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo. Ngati kwanu komiti yotere ilipo, idziwitseni. Kusuntha chingwe n'kwapafupi, koma kusuntha khoma ndi kugumula.

Yachiwiri ndi chimango chokhalitsa. Lamulo la mapulani la 2016 linaika dziko lonse pansi pa dongosolo la mapulani, osati matauni okha monga kale. Ngati mufuna kumanga khoma lalitali, kapena chilichonse m'mbali mwa msewu waukulu, pitani ku ofesi ya khonsolo ku Salima mukafunse ngati pafunika chilolezo. Msewu uli ndi malo ake mbali zonse ziwiri amene samangapo.

Yachitatu ndi ya madzi. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Bungweli limaletsa kumanga m'mphepete mwa nyanja kunsi kwa mzere wa mamita 477, ndipo ndilo limapereka ziphaso kwa okumba mijigo. Wina akafuna kukukumbirani mjigo wothirira pabwalo, muuzeni akuonetseni chiphaso chake.

Yachinayi ndi ya mitengo yachilengedwe. Mitengo ina monga mbawa ndi mlombwa ndi yotetezedwa. Mmisiri asagwetse mtengo waukulu chifukwa chongofuna kuti pabwalo payere, musanafunse mlangizi wa zankhalango.

Mukalandira chilolezo, sungani pepalalo ndi lisiti yake inu eni. Mmisiri akanena kuti, “Zimenezo ndisiyireni, ndikudziwana nawo,” chenjerani.

4. Kusankha mmisiri

Amisiri alipo a mitundu iwiri. Pali kontilakitala, amene ali ndi kampani ndi antchito ake. Ndi lamulo la 1996 boma linakhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council kuti makontilakitala azilembedwa m'kaundula monga mwa kukula kwa ntchito imene angathe. Munthu wodzitcha kontilakitala akuonetseni chiphaso chake, ndipo muyang'ane dzina ndi chaka, pakuti chiphaso chimatha ntchito ndipo ena amayenda ndi cha mnzawo.

Palinso mmisiri wa pamudzi, amene amagwira yekha ndi anyamata awiri kapena atatu. Ena a iwo ali ndi satifiketi ya umisiri, monga ya TEVETA, koma ambiri anaphunzira pogwira ntchito ndi akulu awo, ndipo ena mwa iwo ndi akatswiri ndithu. Kwa mmisiri wotere umboni ndi ntchito yake. Musapite kukaona mpanda umene wamanga mwezi watha, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pitani mukaone umene wapirira madzinja awiri kapena atatu, ndipo mucheze ndi mwini wake mmisiriyo palibe.

Funsani mtengo kwa amisiri atatu. Wotchipitsitsa kawirikawiri amadzabweza ndalama zake pochepetsa simenti kapena kufupikitsa maziko.

5. Pangano lolembedwa

Ena amachita manyazi kutulutsa pepala, poopa kuti mnzawo ayesa kuti sakumukhulupirira. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pepala limateteza onse awiri, ndipo mmisiri woona mtima amalikonda. Sipafunika loya ayi; tsamba la m'kope ndi lokwanira, lolembedwa m'Chichewa, kawiri, kuti aliyense asunge lake. Mulembemo izi:

(a) Maina a onse awiri, midzi yawo, ndi nambala ya chiphaso cha unzika cha mmisiri.

(b) Ntchito yeniyeni ndi miyeso yake: kutalika kwa mpanda, msinkhu wake, kuya kwa maziko, ndi kumene ngalande idzatayire madzi. Mawu akuti “kukonza pabwalo” okha ndi opanda pake.

(c) Wogula zipangizo ndani, ndipo matumba a simenti ndi angati. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50.

(d) Tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza.

(e) Malipiro m'zigawo: pang'ono poyamba, ena maziko akatha, ena khoma likafika pamwamba.

(f) Gawo lotsala, monga limodzi mwa magawo 10, lodzalipira mvula itagwa ndi kuyesa ntchitoyo. Pa ntchito zazikulu za boma amachitanso chimodzimodzi.

(g) Kapinga kapena mitengo ikauma, udindo ndi wa yani, ndipo wothirira ndani.

Onse awiri asaine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo nthawi iliyonse mukapereka ndalama mulembe kuseri kwa pepalalo, mmisiri nasainanso. Mukasintha maganizo ntchito ili m'kati, lembaninso mtengo watsopano tsiku lomwelo.

6. Kuyang'anira ntchito

Simufunika kukhala mmisiri kuti muone zinthu izi. Maziko asakwiriridwe inu musanawayeze ndi ndodo. Konkire ya ntchito wamba amasakaniza ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za miyala. Imani pomwepo tsiku loyamba muwerenge. Mchenga muuyese potere: thirani m'botolo loyera, onjezani madzi, khutchumulani, ndipo mulisiye usiku wonse. Ngati pamwamba pa mchengawo pakhala matope ochindikala, mchengawo ndi woipa. Konkire ndi pulasitala zithiridwe madzi masiku 7, chifukwa kutentha kwa ku Salima kumaumitsa simenti isanalimbe.

Khoma lotchinga dothi likhale ndi timabowo m'munsi totulutsira madzi. Popanda timabowoti madzi amadzaza kuseri nalikankha mpaka kugwa. Pabwalo papendekere kunja, osati kunyumba. Thirani ndowa ya madzi pafupi ndi khonde muone kumene athamangire. Koma musatayire madzi anu pakhomo pa mnansi, pakuti umenewo ndi mlandu wina. Kumene dothi limakokoloka, mizere ya udzu wa vetiva imagwira nthaka pa mtengo wochepa. Mitengo ya mizu yotambalala isabzalidwe pafupi ndi maziko, ndipo ngati madzi othirira ali kutali, kapinga adikire mvula.

Tinenenso chilungamo: si nthawi zonse pamene wolakwa ndi mmisiri. Eni nyumba ena amagula simenti yochepa nauza mmisiri kuti angokwaniritsa. Ena amachedwetsa malipiro pamene anyamata aganyu akudikira chakudya cha ana awo. Mmisiri akakuchenjezani kuti pamalopo pafunika maziko akuya, inu n'kukana, khoma likagwa musamunamizire.

7. Zinthu zikavuta

Poyamba muitaneni mmisiri mwaulemu, mumuonetse cholakwacho pamaso pa mboni zija, ndipo mugwirizane tsiku lokonza. Jambulani zithunzi ngati muli ndi foni, ndipo musagumule kanthu ena asanaone. Akakana, itanani mmisiri wina wosakondera kuti anene chimene chinalakwika ndi mtengo wokonzera. Kenaka pitani kwa amfumu. Milandu yambiri imathera pomwepo, ndipo anthu amapitiriza kupatsana moni. Ngati ndi kampani, ilembereni kalata, musunge ina yofanana nayo, ndipo mungathe kudandaula ku bungwe limene linaipatsa chiphaso. Zonsezi zikalephereka, bwalo la majisitireti ku Salima limaweruza milandu ya ndalama, ndipo kumeneko pepala lanu lija lidzakulankhulirani.

Musalande wilibala kapena njinga ya mmisiri mwa nokha, ndipo musamuopseze, pakuti mungasanduke wolakwa ndinu. Apolisi amathandiza ngati munthu watenga ndalama mwachinyengo nathawa, koma saweruza za kupindika kwa khoma.

Mafunso okambirana

1. Kodi pamudzi panu madzi anafika pati m'chaka cha 2024? Ikanipo chizindikiro kuti ana adzadziwe.

2. Tchulani ntchito zinayi zimene muyenera kufunsa musanaziyambe.

3. Chifukwa chiyani gawo lina la malipiro liyenera kudikira mvula?

4. Aphunzitsi athandize ana a makalasi apamwamba kulemba pangano la mpanda wa mamita 20, mwana wina akhale mwini nyumba, wina mmisiri, ndipo awiri akhale mboni.

Sungani tsamba lino, ndipo mulitulutse tsiku limene mmisiri adzafike pakhomo panu.