Mkuwa wofewa umaboola bwanji chitsulo cholimba?

Kuno ku Mlangeni ukangodumpha msewu wa M1 ndiye kuti wafika ku Mozambique. Pa nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO, yomwe inatha mu 1992, asilikali ankagwiritsa ntchito RPG-7, chida chonyamula paphewa chomwe chimaboola galimoto zankhondo za zitsulo zochindikala. Chodabwitsa n'choti chimene chimaboolacho ndi mkuwa, womwewu timaupinda ndi manja m'mawaya a magetsi.

M'mutu mwa bombalo muli mkuwa woumbidwa ngati fanelo. Likaphulika, faneloyo imafinyika n'kutuluka ngati kamtsinje kowonda kotchedwa jeti. Nsonga yake imatha kuthamanga makilomita 8 pa sekondi, kuposa liwiro la mawu mumpweya maulendo oposa 20.

Ophunzira anga ambiri amati jetiyo imasungunula chitsulo. Ayi ndithu. Mkuwa umasungunuka pa 1085°C, ndipo jeti siitentha kufika pamenepo. Nkhani ndi pulesha. Imakula kwambiri moti chitsulo chimangokankhidwira m'mbali, ngati dothi lonyowa ukaliloza ndi paipi yothirira dimba. Mu 1948 Birkhoff, Taylor ndi anzawo anaonetsa kuti kuya kwa bowo kumadalira kwambiri kutalika kwa jeti ndi density ya zitsulo ziwirizo.

Tsono apa mpomwe pamandisangalatsa ine. Nsonga imathamanga kuposa mchira, choncho jeti imatamuka ikamayenda, monga mzere wa ana pampikisano wothamanga umatalikira aliwiro akasiya anzawo. Ikatalika, bowo limazama. Ndiye mwina mukuti ikachokera kutali iboola kwambiri eti? Tsegulani mpopi pang'ono muone. Pamwamba madzi amatsika ngati chingwe, m'munsi amaduka kukhala madontho. Jeti nayo ikatamuka mopyola imaduka tizidutswa. Tizidutswato timapendama, timagudubuzika, tina timamenya m'mphepete mwa bowo m'malo molowa mkati, ndipo kuboola kumachepa.

Fiziki yomweyi ndi imene okumba mafuta amaboolera mapaipi pansi pa nthaka.

Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika, komabe zotsalira za nkhondo zimatha kutulukira polima. Bomba silifa chifukwa chachita dzimbiri. Mukaona chitsulo chachilendo m'munda wa mbatatesi chakumalire kuno, musachigwire, musachimenye ndi khasu, musapite nacho kwa ogula zitsulo zakale. Dziwitsani amfumu kapena apolisi.