Kumanga manati a tayala kuli ndi muyezo wake

Alimi anzanga, nyengo yogulitsa mbewu ikafika galimoto za m'midzi zimayenda zolemedwa. Ena amanyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu, ena chimanga, mtedza ndi soya kupita ku misika. Katundu yenseyo, pamodzi ndi anthu okhala pamwamba pake, amadalira manati 5 kapena 6 ogwira tayala lililonse. Sabata ino ndifuna tiphunzirane za kamangidwe ka manati amenewa.

Ambiri amakhulupirira kuti nati yomangidwa bwino ndi imene yamangidwa mpaka kulira. Pa malo ena omatira matayala ndimaona anyamata akulowetsa paipi yaitali ku sipanala, kenaka nkukwerapo ndi kumadumpha. Mwini galimoto amachokapo wokondwa poganiza kuti tayala lalimba. Zoona zake nzakuti kumangitsa kopyola muyezo nkoopsa chimodzimodzi ndi kusamangitsa.

Taganizirani za mphira womangira katundu panjinga. Mukaukoka pang'ono, katundu amagwedera. Mukaukoka kwambiri, mphirawo umatopa ndipo tsiku lina umaduka. Mabauti a tayala amagwira ntchito momwemo. Pomanga nati, mabautiwo amatamuka pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, ndipo kutamukako ndi kumene kumapanikiza limu ku chitsulo chimene tayala limakhalapo, chija amakaniko amati habu. Manati akakhwepa, limu imayamba kusewera ndi kudya mabauti, mabowo ake nkukula. Akamangidwa mopyola, mabauti amatamukiratu osabwereranso, mazinga amaphwanyika, ndipo galimoto ikagwera m'dzenje itasenza katundu mabautiwo amathyoka, tayala nkuguluka.

Mphamvu yomangira nati amaiyeza mu Newton mita, mwachidule Nm. Wopanga galimoto aliyense amalemba muyezo wake m'buku la galimotoyo. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimafuna pakati pa 90 ndi 120 Nm. Toyota Corolla, mwachitsanzo, imafuna 103 Nm. Mapikiapu ambiri a tani imodzi amafuna pakati pa 100 ndi 140 Nm, pamene malole akuluakulu a manati 10 pa tayala amafuna cha m'ma 600 Nm. Choncho muyezo wa lole si wa pikiapu. Ngati buku linatayika, funsani ku galaja yokonza galimoto za mtundu wanuwo.

Masamu ake ndi apafupi. Mphamvu yomangira imachokera ku zinthu ziwiri: kulemera kumene mwaika kumapeto kwa sipanala ndi kutalika kwa sipanalayo. Munthu wolemera makilogalamu 70 akaponda ndi thupi lonse sipanala yotalika masentimita 30, amamanga nati pa mphamvu yoposa 200 Nm, kuwirikiza kawiri zimene galimoto yaing'ono imafuna. Akawonjezera paipi ya mita imodzi, mphamvuyo imayandikira 700 Nm, yoposa ngakhale ya lole. Apo nkuti asanayambe kudumpha.

Chida choyenera ndi sipanala yoyezera mphamvu, imene amakaniko amaitchula kuti torque wrench. Mumaitchera pa nambala yofunika ndipo ikafika pamenepo imalira kuti "ke!" Ikalira, lekani. Kumudzi kumene chidachi kulibe, ine ndimalangiza kuti manja anu muwaphunzitse ndi chigubu cha madzi. Chigubu cha malita 20 chodzaza chimalemera pafupifupi makilogalamu 20. Mukachikoleka pa mtunda wa theka la mita kuchokera pa nati, sipanala itagona chopingasa, chimapereka pafupifupi 100 Nm. Sipanala ikasiya kutsika ndiye kuti nati yafika. Njirayi ndi yongoyerekeza, koma ikuonetsa kuti pafunika mphamvu yochepa kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira.

Tsono posintha tayala tsatirani izi:

1. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki ndipo ikani miyala ku matayala enawo. Masulani manati pang'ono musanakweze ndi jeki.

2. Palani matope ndi dzimbiri pa habu ndi kumbuyo kwa limu. Dothi lotsalira pakatipo limanyenyeka poyenda ndipo manati amakhwepa ngakhale munamanga bwino.

3. Pukutani mazinga akhale ouma. Musapake girizi kapena oyilo pokhapokha buku litanena choncho, chifukwa nati yoterera imatamula bauti mopyola muyezo inu musakudziwa.

4. Yambani kulowetsa nati iliyonse ndi zala. Ikamakana, musaikakamize ndi sipanala, yapingasa mazinga. Manati osongoka mbali imodzi, mbali yosongokayo iyang'ane ku limu.

5. Mangani modumphitsa: mukamanga nati imodzi, pitani ku ina ya tsidya lake, osati yoyandikana nayo. Mukatero limu imakhala bwino mbali zonse.

6. Mangani pang'ono tayala lili m'mwamba, tsitsani jeki, kenaka malizani kumanga pa muyezo tayala litagunda pansi.

7. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, mtunda ngati wochokera ku Blantyre kukafika ku Zomba, imani ndi kuyesanso manati onse. Ambiri amadumpha mfundo imeneyi chonsecho ndi pamene manati amakonda kukhwepa.

Amene muli ndi malole dziwaninso ichi: malole ena a ku Japan, makamaka akale, ali ndi manati a kumanzere omanga mobwerera, ndipo mabauti ake amalembedwa chilembo L. Munthu wosadziwa amati akumasula pamene akumangitsa, mpaka kuthyola.

M'mawa musanakweze katundu zungulirani galimoto yanu. Mukaona mizere ya dzimbiri yochokera pa nati, kapena limu itanyezimira mozungulira nati, ndiye kuti tayala likusewera. Poyenda, mukamva kugogoda kapena chiwongolero chikunjenjemera, imani pomwepo. Nati imodzi ikasowa musanene kuti zinayi zikwanira, popeza zotsalazo zimasenza katundu wa inzawo ndipo sizichedwa kutopa. Mabauti otamuka kapena ophwanyika mazinga asintheni. A ngolo, inunso zikukukhudzani, pakuti ngolo zambiri zimayendera matayala a galimoto.

Pomaliza ndipemphe apaulendo. Mukakwera matola ndipo tayala laphulika panjira, penyetsetsani mmene likumangidwira. Mukaona munthu akudumpha pa paipi, kapena manati akuperewera, lankhulani mwaulemu ndi a dalaivala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mbewu mwavutikira chaka chonse zikafike ku msika, ndipo inu mubwerere kwa ana anu muli amoyo.