Khansa ya pakhungu imene imabisala ngati chikanga

Anzanga a ku sekondale, lero ndabwera ndi funso limene limazunguza mutu ngakhale madokotala a khungu. Munthu ali ndi chigamba choyabwa chimene chakhala zaka osapola. Kodi ndi chikanga, zipere, khate kapena khansa?

Khansa ndikunenayi ndi mycosis fungoides. Anayamba kuifotokoza ndi dokotala wa ku France, Jean-Louis Alibert, mu 1806. Imayambira m'maselo oyera a magazi otchedwa T-lymphocyte, asilikali a thupi aja mumaphunzira mu Biology. Maselowa akasokonekera amachulukana n'kudzaza pakhungu. Poyamba pamangooneka zigamba zouma, makamaka malo amene zovala zimabisa monga m'matako, m'ntchafu ndi pamimba. Pakhungu lakuda zigambazi nthawi zina zimakhala zotuwa, ndiye n'zosavuta kuzisokoneza ndi matenda ena.

Nanga dokotala amasiyanitsa bwanji? Amachotsa matenda amodziamodzi. Akaganizira zipere, amapala timakoko ta khungu n'kuona pa maikulosikopu ngati muli fangayi. Akaganizira khate, amakhudza chigambacho ndi thonje wodwalayo atatsinzina, chifukwa chigamba cha khate chimachita dzanzi. Zikakanika, amadula kachidutswa ka khungu n'kukatumiza ku labotale. Kumeneko amaona ngati ma T-lymphocyte osaoneka bwino akwera kufika m'khungu lapamwamba. Amathanso kuyeza DNA: maselo a khansa amachokera ku selo limodzi, choncho amafanana ngati mapasa.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti kuyeza kamodzi sikukwanira. Matendawa akamayamba, maselo oipa amakhala ochepa kwambiri moti kachidutswa kaja katha kuoneka ngati chikanga wamba. N'chifukwa chake ena amayezedwa kangapo, zaka n'kumapita. Palinso matenda otchedwa parapsoriasis, amene zigamba zake zikuluzikulu nthawi zina zimadzasanduka khansayi, ndiye wodwala amafunika kumaonedwa pafupipafupi.

Mafuta opaka okhala ndi steroid nawonso amasokoneza. Amachepetsa maselo aja pakhungu kwa kanthawi, chigamba n'kuzilala, labotale osapeza kanthu. Paja dokotala amauza munthu kuti ayambe wasiya kupaka kwa milungu ingapo asanamuyeze.

Musachite mantha, khansayi ndi yosowa, sipatsirana, ndipo zigamba zambiri ndi chikanga kapena zipere basi. Ikapezeka msanga amaichepetsa mphamvu ndi mankhwala opaka kapena kuwala kwa UV, munthu n'kukhala zaka zambiri bwinobwino. Koma mukaona wachibale ali ndi chigamba chosamva mankhwala kwa miyezi, muuzeni asiye kugula mafuta pamsika, apite kuchipatala, ndipo akanene zonse zimene wakhala akupaka.