PHUNZIRO: KUTHANDIZA M'BALE AMENE AGANIZA ZA OPALESHONI YOCEPETSA THUPI

Azimai anzanga, kwathu kuno munthu akanenepa timati zinthu zili bwino pakhomo. Koma pali kunenepa kwina kumene ndi matenda, cifukwa kumabwera ndi shuga, BP, kuwawa kwa maondo ndi kubanika kutulo. Abale athu ena afika pouzidwa ndi dokotala kuti aganizire za opaleshoni. Nkhani yotere ikafika m'banja, ambiri timayankha tisanamve bwino. Lero tiphunzire mmene tingathandizire mwana, mlongo kapena mwamuna wathu amene ali pa mphambano imeneyi.

1. Opaleshoniyi ndi yotani?

Dokotala sacotsa mafuta ai, amacepetsa cifu. Njira zodziwika ndi ziwiri. Pa sleeve gastrectomy amacotsa pafupifupi magawo 3 mwa magawo 4 a cifu, cotsalaco n'kukhala ngati nthoci. Pa gastric bypass amapanga kathumba kakang'ono ngati dzira n'kukalumikiza ku matumbo ang'ono. Motero munthu amakhuta msanga ndipo njala imacepa. Kwa ambiri odwala shuga, matendawo amatsika kwambiri.

Si ya aliyense. Madokotala amayamba ndi muyezo wa BMI: kulemera kwa munthu m'makilogalamu, kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, n'kugawanso kaciwiri. Mai wolemera makilogalamu 105 wa msinkhu wa mamita 1.6 ali ndi BMI ya 41. Kuyambira 1991 muyezo wodziwika unali 40, kapena 35 ngati pali shuga kapena BP. Mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoniyi anautsitsa kufika 35, kapena 30 kwa odwala shuga.

2. Asanasankhe

Coyamba, mumvereni mpaka amalize. Mau akuti “ungocepetsa nsima” amapweteka munthu amene wayesa kwa zaka zambiri. Munthu akaonda, thupi limabweza: njala imakula ndipo thupi limayamba kusunga mphamvu, n'cifukwa cake ambiri amanenepanso. Umenewu si ulesi.

Caciwiri, mperekezeni kwa dokotala mutalemba mafunso. Kodi zoopsa zake n'zotani? Kodi mankhwala atsopano monga semaglutide angayesedwe kaye? Akatuluka adzamuona ndani? Funso lomalizali n'lofunika kwambiri ngati opaleshoni ikacitikira kutali monga ku India kapena ku South Africa, pakuti adzafunika kupimidwa magazi kawirikawiri atabwerera kwao.

Cacitatu, kambiranani za ndalama poyera. Musawerenge za opaleshoni zokha. Pali ulendo, kupimidwa ndi mavitamini a moyo wake wonse. Banja lisagulitse munda kapena ng'ombe lisanawerenge zonsezi.

Ngati muli ndi mantha, nenani kamodzi mwaulemu. Opaleshoniyi ndi yaikulu ndithu: magazi angataike, pamene asoka pangadonthe, kapena magazi angaundane m'mitsempha. Koma thupi ndi lake, ndipo mau omaliza ndi ake pamodzi ndi dokotala wake.

3. Akatuluka m'cipatala

Apa ndi pamene ife azimai tiyenera kusamala, pakuti tinazolowera kuonetsa cikondi ndi mbale yodzaza. Tikapita kukaona wodwala timanyamula nsima, nkhuku ndi zakumwa, n'kumamukakamiza kuti adye apeze mphamvu. Kwa wodwala uyu zimenezi zingamubwezere kucipatala.

Pafupifupi milungu 2 yoyamba amamwa zamadzimadzi zokha, pang'onopang'ono. Kenaka amayamba zofewa monga phala losalala ndi ndiwo zoposedwa, ndipo cakudya colimba cimabwera patapita milungu ingapo monga dokotala wanenera. Ngakhale atacira, amadya pa kambale kakang'ono, kuyambira ndi zomanga thupi monga nsomba, mazira ndi nyemba, n'kumatafuna bwinobwino. Samwa madzi pamodzi ndi cakudya. Zakumwa za gasi ndi mowa azisiye. Zotsekemera kwambiri zingamucititse thukuta, cizungulire ndi kutsegula m'mimba, makamaka pa gastric bypass. Akanena kuti wakhuta atadya masupuni owerengeka, mukhulupirireni.

Muzimukumbutsa mavitamini, makamaka B12, ayironi ndi kashiamu. Kuwasiya kumabweretsa kucepa kwa magazi, dzanzi m'miyendo ndi kufooka kwa mafupa. Mankhwala a shuga ndi a BP awaonenso dokotala, ndipo asamwe Brufen asanafunse. Mai wa msinkhu wobereka adikire miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati.

Mukaona kutentha thupi, mtima kuthamanga, kupuma movutikira, m'mimba kuwawa kwambiri, kusanza kosaleka kapena mwendo umodzi kutupa, pitani naye kucipatala nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuce.

4. Tisamale pakamwa

M'caka coyamba thupi limatsika msanga, khungu limakhwepa ndipo ena tsitsi limathothoka kwa kanthawi. Tonse tikudziwa zimene anthu amanong'onezana kwathu kuno munthu akaonda mwadzidzidzi. Nkhani ya opaleshoni ndi yake. Musaiulule, ngakhale pa msonkhano wa mapemphero, iye asanalole. Musakhalenso wapolisi wa mbale yake. M'malo mwake sinthani kaphikidwe ka nyumba yonse, cepetsani saladi ndi shuga, ndipo madzulo muziyenda naye. Mukaona kuti wakhala wosakondwa kwa masiku ambiri kapena wayamba kumwa mowa, muuzeni dokotala wake.

Mafunso okambirana

1. N'cifukwa ciani timaona kunenepa ngati ulemu, ndipo zimenezi zimalepheretsa bwanji odwala kufuna thandizo?
2. Tikapita kukaona wodwala amene sangadye nsima, tingamutengere ciani kapena kumugwirira nchito yanji?
3. Tingapempherere bwanji mnzathu osaulula cinsinsi cake?