MLANDU WA MITENGO: PHUNZIRO KWA ALIMI A KU LUNDAZI

Nyengo ya cilimwe, cimanga cili m'nkhokwe ndipo thonje litagulitsidwa, anthu ogula matabwa amafika m'midzi nafuna anyamata oceka mitengo ndi eni ngolo zotutira. Mlimi asanabvomere nchito yotere ayenera kudziwa m'mene mabwalo a milandu amaweruzira nkhani za mitengo.

Lamulo la Nkhalango la caka ca 2015 linaika mitengo ya m'nkhalango za Boma, monga Lundazi National Forest, pamodzi ndi ya m'maiko a mafumu, m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko m'malo mwa anthu onse a m'Zambia. Cifukwa cace mau a nyakwawa kapena a wogula sakwanira. Woceka matabwa a malonda afunika laisensi yocokera ku Cigawo ca Zankhalango, ndipo wonyamula afunika cikalata cace ca paulendo. Munthu akapezeka wolakwa, bwalo lili ndi mphamvu ya kumlipitsa kapena kum'manga, ndiponso kulanda matabwawo ndi zipangizo zimene anagwiritsa nchito.

Citsanzo comveka cinaoneka ku Malawi. M'caka ca 2016 anthu 35, a ku Mozambique, a ku Malawi ndi a ku China, anagwidwa alikudula mitengo ya tsanya, imene ena amati mupani, m'nkhalango ya nyama ya Lengwe. M'caka ca 2017 bwalo la ku Blantyre linawapeza olakwa niliwatumiza kundende, ndipo mathirakitala ndi makina ena anakhala a Boma. Bwalolo silinalange akapitao okha. Anchito wamba naonso analangidwa.

Mtengo wa mukula uli pa ngozi yoposa. Boma la Zambia linaletsa kutumiza zipika zace kunja m'caka ca 2017, ndipo m'caka ca 2019 maiko osonkhana ku Geneva anauika pa mndandanda wa mitengo yosaloledwa kudutsa malire popanda cilolezo.

Tsono mlimi wanzeru ayambe wapempha kuona laisensi ya womlemba nchito, nakafunse kwa mkulu wa zankhalango pa Boma la Lundazi ngati ili yoona. Midzi yofuna kupindula ndi mitengo yace ingathe kupanga bungwe losunga nkhalango, monga lamulo lomweli lilola. Malipiro a masiku owerengeka sangabweze ngolo yolandidwa, ndipo munda wa munthu amene ali m'ndende sudikira mwini wace mvula ikagwa.